MZINDA WOPANDA NKHOKWE: Mkangano wa Kutseka ndi Kutsegula mu Lusaka

(Mau a nkhani yokambidwa kwa alimi ndi mabanja ao)

Alimi a ku Cigawo ca Kum'mawa safuna munthu wowaphunzitsa tanthauzo la kutseka njira cifukwa ca nthenda. Kwa zaka zambiri a Boma oyang'anira ziweto akhala akuletsa kuturutsa nkhumba ndi nyama yace m'cigawoco cifukwa ca cigodola, ndipo amene anayesapo kuoloka nazo pa mlatho wa Luangwa adziwa bwino mafunso a pamenepo. Mwini khola adandaula ndithu, pakuti nkhumba yotsekeredwa idya gaga tsiku ndi tsiku koma siibweza ndarama. Komabe iye adziwa kuti popanda lamulolo makola a anzace angathe psiti.

M'caka ca 2020 cinthu cotere cinagwera anthu eni ace. Nthenda ya COVID-19, imene ambiri anaicha korona, inafika m'dziko lino, ndipo mu Lusaka munabuka mkangano waukuru: kodi mzinda utsekedwe wonse, anthu akhale m'nyumba, kapena iai? Ndipo zimene zatsekedwa zitsegulidwe liti? Wina anganene kuti iyi ndi nkhani ya anthu a m'tauni. Si tero ai. Cimene cigamulidwa mu Lusaka cifika pa dimba la ku Chongwe tsiku lomwelo, ndipo pa nkhokwe ya ku Petauke cifika sabata isanathe.

ZIMENE ZINATSEKEDWA

Pa 18 March, 2020, Nduna ya za Umoyo ya nthawi imeneyo, Dr. Chitalu Chilufya, inalengeza kuti anthu awiri, mwamuna ndi mkazi wace, amene anabwerera kucokera ku France, anapezeka ndi kacirombo ka nthendayi. Pa 20 March masukulu onse anatsekedwa. Pa 25 March Pulezidenti Edgar Lungu analankhula kwa mtundu wonse, nalamula kuti mabala, nyumba zobvinira usiku, nyumba za kanema, za juga ndi zolimbitsira thupi zitsekedwe. Kuti malo odyera agulitse cakudya cokadyera kunyumba cokha. Ndi kuti pa msonkhano, pa ukwati kapena pa maliro pasapitirire anthu 50. Ndege zocokera kunja zinaloledwa kutera pa bwalo la Kenneth Kaunda lokha, ndipo mabwalo a ku Ndola, Livingstone ndi Mfuwe analeka kuzilandira. Munthu woyamba kufa ndi nthendayi m'dziko lino anamwalira pa 2 April.

Koma yang'anani zimene sizinatsekedwe. Misika inakhala yotsegula. Maminibasi anayendabe. Malole anapitirira kuyenda pa Great East Road, ndipo malire a dziko sanatsekedwe onse. Mkangano unali pa zimenezi, cifukwa maiko oyandikana nawo anacita mosiyana. South Africa inatsekera anthu m'nyumba kuyambira pa 27 March, niletsanso kugulitsa mowa ndi fodya. Zimbabwe inatsatira pa 30 March, kwa masiku 21. Ndipo ku Mutare apolisi analanda ndiwo zamasamba zimene alimi anabwera nazo ku msika nazitentha, mpaka akuru a Boma la kumeneko analamula kuti alimi asabvutitsidwenso. Ku Malawi Boma linalengeza kuti dziko litsekedwa masiku 21 kuyambira pa 18 April, koma amalonda a m'misika anacita zionetsero, ndipo Bwalo Lalikuru la Milandu linaimitsa lamulolo lisanayambe kugwira nchito. Odandaulawo anafunsa kuti osauka adzadya ciani pa masiku onsewo.

AKUMAYADI NDI AKUKOMBONI

Ofuna kuti Lusaka atsekedwe sanali anthu opusa. Pakati pao panali madotolo ndi anamwino amene anadziwa kucepa kwa makama ndi mpweya wothandiza odwala kupuma, ngakhale pa cipatala ca Levy Mwanawasa, ca m'mbali mwa Great East Road popita ku Chelstone, kumene odwala korona anali kugonekedwa. Iwo anaona zimene zinali kucitika ku Italy, nati nthenda yoyenda ndi mpweya wa munthu iima pamene munthu waima. Mau amenewa ndi oona.

Koma kukhala m'nyumba masiku 21 kutheka kwa munthu amene ali ndi nkhokwe. Ku Kabulonga ndi ku Woodlands, kumene anthu a mu Lusaka akucha kumayadi, nyumba iri ndi mpanda wace, madzi ali m'kati, firiji iri yodzaza, galimoto ikatenga matumba a ufa a mwezi wathunthu pa ulendo umodzi, ndipo malipiro afika ku banki ngakhale mwini wace agwire nchito pa kompyuta ali pakhonde. Kwa munthu wotere kutseka ndi kusowa koceza cabe.

Tsono pitani ku Kanyama, ku Chawama kapena ku Misisi. Kumeneko banja lambiri ligula ufa wa tsiku limodzi m'kapepala kochedwa pamela, cifukwa ndarama ya thumba lathunthu siipezeka pa nthawi imodzi. Mai alawira ku msika wa Soweto kusanace kukapikula matimati ndi repu, akagulitsa pa kantemba kace, ndipo phindu la tsikulo ndilo ligula makala, kapenta ndi mcere wa madzulo. Mnyamata wokankha wilibala, woitanira basi pa Kulima Tower, wogulitsa salaula pafupi ndi City Market, onsewa adya cimene apeza lero. Madzi atunga pa mpopi wa anthu onse, cimbudzi ndi cimodzi pa mabanja angapo, cipinda cimodzi cigona anthu asanu kapena kuposa. Kumuuza munthu wotere kuti akhale m'nyumba, atalikirane ndi anzace, ndiko kumlamula cinthu cimene nyumba yace siingathe kucita.

Anthu a ku Kabwata ndi ku Chelstone anali pakati. Ambiri ndi a nchito ya pamwezi, aphunzitsi, makalaliki, opuma pa nchito ya Boma. Koma malipiro a munthu mmodzi adyetsa abale ambiri, ndipo pafupi-fupi nyumba iriyonse iri ndi kabizinesi kothandizira. Osema ziboliboli a pa Kabwata Cultural Village anakhala ndi katundu wao osagulidwa, cifukwa alendo a kunja analeka kubwera.

Cinthu cimodzi cimene okangana ambiri anaciiwala ndi ici, cakuti mayadi ndi komboni si maiko awiri. M'mawa uliwonse anchito a m'nyumba, alonda ndi osamala maluwa ayenda pansi kucokera ku Mtendere ndi ku Kalingalinga kulowa m'mipanda ya Kabulonga, madzulo nabwerera. Dona akauza wanchito wace kuti ayambe wakhala kwao, funso linali lakuti malipiro apitirira kapena iai. Akamlola kubwerabe, mpandawo unaleka kuchinjiriza onse awiri.

CIFUKWA CACE BOMA SILINATSEKE

Boma linapereka zifukwa ziwiri. Coyamba, Zambia alibe nyanja ya mcere. Mafuta a galimoto, feteleza, mankhwala ndi zitsulo zilowa pa Nakonde, Chirundu, Kazungula, Chanida ndi pa zipata zina, ndipo kutseka zipatazo ndiko kudzimanga pakhosi. Caciwiri ndi ca anthu odya cimene apeza pa tsiku. Cotero Boma linasankha kutseka malo amodzi-amodzi kwa kanthawi. Tauni ya Kafue inatsekedwa pa 15 April kuti anthu apimidwe. Cipata ca Nakonde cinatsekedwa pa 11 May kwa masiku owerengeka, odwala atacuruka mwadzidzidzi kumeneko.

Pa nkhani ya misika Boma linaganiza bwino, ndipo mlimi aliyense angathe kuona cifukwa cace. Mzinda wa anthu oposa mamiliyoni awiri ulibe nkhokwe yace-yace. Nkhokwe yace ndi madimba a ku Chongwe, Chibombo, Mumbwa ndi Kafue, ndi minda ya ku zigawo, ndipo khomo la nkhokweyo ndi mseu. Ndiponso nthendayi inafika pa nyengo yokolola. Caka cimeneco dziko linakolola cimanga cokwana matani pafupi-fupi 3.4 miliyoni, pamene caka ca cilala ca m'mbuyo mwace linapeza matani 2 miliyoni okha. Bungwe la Food Reserve Agency linagula thumba la makilogalamu 50 pa K110. Cimanga cingathe kudikira m'nkhokwe. Matimati sadikira. Bokosi lochola Lolemba likapanda kufika ku Soweto pofika Lacinai, lasanduka cakudya ca nkhumba. Mseu ukadatsekedwa masabata atatu, wa ku komboni akadagona ndi njala, wa ku dimba akadataya thukuta la miyezi itatu, onse awiri pa lamulo limodzi.

Izi sizitanthauza kuti mlimi anapulumuka. Mahotela, malo odyera ndi masukulu ogonera konko ndiwo agula mazira, nkhuku, mkaka ndi kabichi zambiri. Pamene anatseka kapena kusowa alendo, oweta nkhuku a m'mbali mwa mzinda anatsala ndi nkhuku zakukula zimene zinali kungodya cakudya. Kwaca inagwa mphamvu: kuciyambi kwa 2020 dola imodzi inali pafupi K14, pakutha pa caka inapyola K20, ndipo mtengo wa feteleza ndi mankhwala opopera unakwera nayo. Mu November caka comweco Boma linalephera kulipira ciwongola-dzanja ca ngongole yace ina ya kunja. Cionetsero cacikuru ca zaulimi ca ku Showgrounds sicinacitike mu 2020 ndi mu 2021, ndipo mwambo wa Kulamba wa ku Mkaika, ku Katete, unalephereka mu 2020.

KUTSEGULA KUBVUTA KOPOSA KUTSEKA

Kutseka kucitika ndi mau amodzi. Kutsegula kufuna kusankha amene ayambe ndi amene atsale, ndipo wotsala aliyense afunsa cifukwa.

Pa 24 April, 2020, Pulezidenti analola kuti mapemphero ayambenso potsata malangizo a za umoyo, kuti ometa tsitsi ndi okonza tsitsi la amai apitirire nchito, ndi kuti masewera osakhudzana, monga gofu ndi tenesi, aseweredwe. Cifukwa cace cinali comveka, pakuti osewera gofu ayenda pabwalo lalikuru motalikirana. Koma m'makutu a mwini bala wa ku Kabwata, amene lendi inali kumdikira, mauwo anamveka mwina: masewera a akuru-akuru atsegulidwa, nchito ya osauka yatsala. Boma likadafotokoza poyera muyeso umene linali kutsata, kaya ciwerengero ca odwala, kaya ca makama otsala m'cipatala, kudandaula kukadacepa. Munthu apirira msanga pamene adziwa tsiku kapena cizindikiro cimene akudikira.

Cinthu codabwitsa cinacitika ku mipingo. Ngakhale cilolezo cinaperekedwa, akuru a mipingo ingapo, pamodzi ndi a Katolika, sanafulumire kutsegula machalichi ao. Anati nthawi siinakwane, nayamba akonzekera. Pamenepa anthu anaona kuti lamulo la Boma si lokhalo limene litsekera munthu pakhomo. Mantha atseka, ndipo nzeru ya atsogoleri itsekanso.

Pa 8 May malo odyera, nyumba za kanema, za juga ndi zolimbitsira thupi zinaloledwa kutsegula. Pa 1 June ana olemba mayeso, a Giredi 7, 9 ndi 12, anabwerera ku sukulu. Pa 25 June mabwalo onse a ndege anatsegulidwa. Koma mabala anatsala. Eni ace anadandaula kawiri-kawiri kuti anchito ao ali pa njala, pamene mowa unali kugulitsidwabe m'masitolo, ndipo anthu anali kumwa mobisala m'nyumba zotseka mazenera, mmene mpweya suyenda konse. Apolisi anayenda usiku kufuna-funa omwa mobisalawo, ndipo panamveka madandaulo akuti ena anakwapulidwa. Bungwe la Human Rights Commission linatsutsa mcitidwe umenewo. Mkwapulo sunaphe kacirombo ngakhale kamodzi. Unangophunzitsa anthu kubisala bwino. Potsiriza, pa 11 September, potsegula Nyumba ya Malamulo, Pulezidenti analola mabala kutsegula Lacisanu, Loweruka ndi Lamulungu, kuyambira 6 koloko madzulo kufikira 11 koloko usiku, nalamulanso kuti ana onse otsala abwerere ku sukulu mwezi womwewo.

Ana amenewo anakhala pakhomo miyezi 6. Mwana wa ku Woodlands anaphunzira pa intaneti kapena pa wailesi ya kanema. Mwana wa kumudzi kopanda magetsi anapita kukaweta ng'ombe ndi kukatong'ola cimanga, ndipo aphunzitsi ndi mafumu anadandaula kuti atsikana ena sanabwerere, ena atatenga pakati, ena atakwatiwa. Pa zonse zimene zinatsekedwa, sukulu ndiyo inalipitsa anthu a m'midzi mtengo waukuru, ngakhale kuti m'miyezi yoyambayo nthenda inali kweni-kweni m'matauni ndi m'zipata za malire.

ZIMENE ZIWERENGERO ZINABISA

Ofuna kutsegula anali ndi mau amodzi amene anawakonda: akuti korona ndi nthenda ya okwera ndege, ya akumayadi, ndipo ku komboni kulibe. Ziwerengero zolengezedwa tsiku ndi tsiku zinaoneka ngati ziwabvomereza, cifukwa zinali zazing'ono. Koma ciwerengero ciwerenga okhawo amene apimidwa.

Mu July 2020 akatswiri a Unduna wa za Umoyo ndi anzao anayenda m'makomo kupima anthu m'maboma 6: Lusaka, Kabwe, Ndola, Solwezi, Livingstone ndi Nakonde. Anapeza kuti munthu mmodzi mwa anthu 10 anali ndi kacirombo kapena anali atakhala nako kale, ndi kuti pa wodwala mmodzi wolembedwa m'mabuku panali ena pafupi-fupi 92 osadziwika. Ndiponso kuyambira June kufikira September, Dr. Lawrence Mwananyanda ndi anzace a ku Boston University anapima mitembo ya pa cipatala cacikuru ca UTH. Mwa mitembo 364, kacirombo kanapezeka mwa 70. Mwa 70 amenewo, 51 anamwalirira kunyumba, osafika m'cipatala, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anapimidwa akali moyo. Nthendayo inali ku komboni ndithu. Inali kungoikidwa m'manda ndi maina ena, monga cifuwa, shuga kapena ukalamba.

Cotero miyezi yomwe zinthu zinali kutsegulidwa cimodzi-cimodzi ndiyo miyezi imene nthenda inali kukwera. Mu July Nyumba ya Malamulo inaimitsa zokambirana zace, aphungu ena ndi anchito atapezeka ndi kacirombo. Kunena zoona, cimene cinatsegula Lusaka mu 2020 sicinali kutha kwa nthenda. Cinali kutha kwa ndarama m'matumba a anthu ndi a Boma lomwe.

CAKA CA 2021

Mkangano unabweranso, ndipo tsopano unali wowawa. Katemera woyamba, wokwana 228,000, anafika mu April 2021, koma ambiri anamkana cifukwa ca mphekesera. M'nyengo yozizira ya June ndi July kunafika mtundu wina wa kacirombo wochedwa Delta. Zipatala za mu Lusaka zinadzaza, mpweya unaperewera, anthu anamwalira makumi-makumi pa tsiku, ndipo panalibenso wonena kuti ndi nthenda ya okwera ndege. Masukulu anatsekedwanso mu June mpaka mu August. Pa 17 June Dr. Kenneth Kaunda anamwalira pa cipatala ca Maina Soko ali ndi zaka 97. Ndipo ngakhale maliro a tate wa dziko anacitika ndi anthu oitanidwa okha pa Showgrounds, khamu likuonerera pa kanema. Amene analetsedwa kukhuza maliro a mbale wao kumudzi adziwe kuti lamulolo linakhudza ndi akuru omwe.

Inalinso nyengo ya masankho a pa 12 August. Misonkhano ikuru-ikuru ya ndale inaletsedwa, ndipo a zipani zotsutsa anadandaula kuti lamulo la umoyo lasanduka ndodo yowamenyera iwo okha. Cikaikiro cotere cikalowa, ngakhale langizo labwino la dotolo limveka ngati ndale. Boma latsopano la Pulezidenti Hakainde Hichilema linacotsa ziletso zambiri mu October 2021, odwala atacepa, nilimbikira katemera m'malo mwa kutseka. Pa 5 May, 2023, bungwe la World Health Organization linalengeza kuti korona salinso ngozi yadzidzidzi ya dziko lonse lapansi. M'mabuku a Boma la Zambia munalembedwa imfa zoposa 4,000. Mwamva kale cifukwa cace ciwerengero ceni-ceni ciyenera kukhala coposa pamenepo.

ZA MLIMI PA NTHAWI YINA

Korona sanali woyamba kutseka Lusaka, ndipo sanali wotsiriza. Mu January 2018, pa mliri wa kolera, asilikari anacotsa amalonda m'miseu ya m'tauni, misika ina inatsekedwa kuti iyeretsedwe, ku Kanyama kunaikidwa lamulo loletsa kuyenda usiku, ndipo anthu a kumeneko anacita cipolowe. Mu 2024 kolera anabweranso. Bwalo la mpira la National Heroes linasanduka cipatala, ndipo masukulu, m'malo motsegula pa 8 January, anatsegula pa 12 February. Mlimi wogulitsa m'tauni ayembekezere kuti tsiku lina adzamva pa wailesi kuti msika watsekedwa, katundu ali kale pa lole.

Pali zinthu zimene banja lingakonzeretu. Musagulitse cimanga conse pa nthawi yokolola; yambani mwawerenga matumba okwanira banja kufikira masika ena, ndi kuonjezapo a abale a m'tauni, pakuti nchito ikatha kumeneko ana atumizidwa kumudzi. Wolima dimba asabzale matimati onse tsiku limodzi, koma asiyanitse mabedi ndi masabata awiri kapena atatu, kuti msika ukatsekedwa asataye zonse pamodzi. Ndipo pambali pa matimati ndi repu pakhale anyezi, nyemba, nshawa ndi kandolo, zimene zipirira kudikira. Alimi a m'mudzi umodzi angathe kutumiza katundu wao pa galimoto imodzi ndi anthu awiri okhulupirika, m'malo moti anthu khumi akapanikizane pa Soweto ndi kubwerera ndi cifuwa kwa okalamba. Ndarama zingatumizidwe pa foni. Wobwera kucokera ku tauni pa nthawi ya mliri agone payekha masiku oyamba, asambe m'manja ndi sopo, ndipo akayamba kutsokomola kapena kutsegula m'mimba apite ku cipatala msanga, osadikira mankhwala a m'chire.

Ndiwo zamasamba zikasowa msika zisatayidwe. Cibwabwa, nkhwani za nyemba ndi repu zifutsidwe pang'ono m'madzi owira a mcere, ziyanikidwe pa thandala loyera, makamaka pamthunzi podutsa mphepo, kufikira ziume gwa, ndipo zisungidwe m'cikwatu kapena m'cigubu cotseka bwino, pamalo posafika cinyezi. Matimati adulidwe mopyapyala ndi kuyanikidwa padzuwa, ataphimbidwa ndi kansaru kopepuka kuti nchenche zisaterepo. Wofuna kudziwa zambiri za kafutsidwe ndi za mankhwala osungira cimanga afunse mlangizi wa zaulimi wa m'dera lace.